Kodi chenjezo la pa paketi lingafike pa okala?

Tengani paketi ya mabisiketi kapena botolo la chakumwa chotsekemera pa okala iliyonse ku Biwi, mulitembenuze. Kumbuyo mupezako timalemba tating'onoting'ono ta Chingerezi, mwinanso ta Chipwitikizi ngati katunduyo wachokera ku Mozambique, totchula zimene zathiridwamo ndi manambala a magalamu. Bungwe la Malawi Bureau of Standards (MBS), lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, limafuna kuti chakudya cha m'paketi chikhale ndi dzina, mndandanda wa zimene zasakanizidwamo, dzina la wopanga ndi tsiku lothera ntchito. Pa zonsezi, ambiri a ife timayang'ana tsiku lokhalo, tikakumbukira. Zinazo anazilembera munthu wa maso akuthwa, wodziwa Chingerezi cha sayansi, wosathamangira kwina. Mayi amene watuluka mwana ali kumsana, mphika uli pa mbaula, si munthu ameneyo.

Maiko ena ataona zimenezi anati uthengawo uchoke kumbuyo ubwere kutsogolo, ndipo ukhale woti munthu aumve pongoponyapo diso. Dziko la Chile ndi limene linalimba mtima koposa. Kuyambira mu 2016, chakudya cha m'paketi chimene wopanga wathiramo shuga, mchere kapena mafuta mopyola muyezo chimaikidwa chidindo chakuda cha makona asanu ndi atatu, cholembedwa kuti muli shuga wambiri, kapena mchere wambiri. Peru inatsatira mu 2019, Mexico mu 2020. France inasankha njira ina mu 2017, yopereka malikisi kuyambira A wobiriwira mpaka E wofiira, pomwe Britain imagwiritsa ntchito mitundu ya maloboti a pamsewu. South Africa inatulutsa mu 2023 malamulo oti anthu aperekepo maganizo, ofuna kuika machenjezo kutsogolo kwa paketi. Anansi athu a ku Zambia ali ndi chizindikiro chotchedwa Good Food Logo, chomwe sichichenjeza koma chimayamikira chakudya chabwino.

Funso ndi lakuti Malawi atsatire kapena ayi. Ndipo ngati atsatira, kodi chidindocho chidzasintha chimene chimalowa m'jumbo ya munthu wa ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Mgona?

Ofuna chidindochi amayambira ku Area 25. Pakati pa 2013 ndi 2016, ofufuza a bungwe la MEIRU anayenda khomo ndi khomo kumeneko komanso ku Chilumba m'boma la Karonga, n'kuyeza akuluakulu pafupifupi 29,000. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2018. Mwa amayi 100 alionse a m'tauni, 44 anali onenepa mopyola muyezo. Mwa abambo anali 18. Oposa theka la amene anapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi sankadziwa n'komwe kuti ali nalo, ndipo mwa odwala shuga khumi alionse, anayi anamva koyamba tsiku limenelo. Awa si anthu a ku Area 10 kapena ku Area 43 ayi. Ndi anthu okwera minibasi, olipira lendi mwezi ndi mwezi, omwe kwa zaka zambiri tinkati matenda a shuga ndi BP sangawapeze chifukwa ndi matenda a mabwana. Chakudza sichiimba ng'oma. Munthu amangogwa m'bafa, mbali imodzi yafa, abale n'kuyamba kuyang'anana kuti wamulodza ndani. Wina amathera ku Kamuzu Central mwendo utadulidwa, wina pa mzere wodikira makina otsuka magazi impso zitaleka ntchito. Banja lonse limasauka naye.

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo shuga wothira asapyole magalamu pafupifupi 50, timasupuni 12. Zakumwa zambiri zotsekemera zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a shuga pa mamililita 100. Ndiye kuti botolo limodzi la theka la lita likhoza kumaliza gawo la tsiku lonse, tiyi wa m'mawa tisanamuwerengere. Palibe kholo limene lingathire timasupuni 12 ta shuga m'kapu ya mwana likuona. Koma likampatsa botolo limachita zomwezo lisakudziwa, ndipo limachita chifukwa cha chikondi.

Mfundo imene ine imandikoka kwambiri ku mbali imeneyi ndi iyi: kutsogolo kwa paketi kuli kale uthenga. Kuli chithunzi cha lalanje lodontha madzi pa chakumwa chimene mulibe lalanje, kuli ng'ombe yonenepa pa bisiketi ya ufa ndi shuga, kuli mwana wamphamvu akumenya mpira. Mayi wopanda sukulu amawerenga zithunzi zimenezi bwino lomwe. Amagula juwisi poganiza kuti akupatsa mwana chipatso, ndipo popita kukazonda wodwala kuchipatala amanyamula chomwecho poti ati chimabwezera mphamvu. Choncho nkhani si yakuti paketi iyankhule kapena ikhale chete. Ikuyankhula kale, koma woyankhula ndi wogulitsa yekha. Chidindo cha boma chingaike mawu achiwiri pamalo omwewo, panthawi yomwe dzanja likutambasuka. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndiye pali umboni wa ku Chile. Kafukufuku amene anatuluka mu 2020 anapeza kuti lamulo litayamba kugwira ntchito, mabanja anachepetsa kugula zakumwa za chidindo chakuda ndi pafupifupi 24 pa 100. Chinanso chimene anthu sachitchula kawirikawiri n'chakuti makampani ambiri anachepetsa shuga ndi mchere m'katundu wawo pothawa chidindocho. Phindu limeneli limafikira ngakhale munthu amene sanayang'ane paketi n'komwe. Mwana wa ku Area 23 amene wagula bisiketi imodzi yochotsedwa m'paketi yaikulu sadzaona chenjezo lililonse, koma ngati fakitale yachepetsa shuga poopa manyazi, bisiketi yakeyo yasinthanso.

Otsutsa nawo ali ndi zonena, ndipo zawo zimachokera pafupi ndi moto.

Amati: kodi inu mumadziwa mmene anthu amagulira kuno? Ufa amagula wokumani wa nkhomaliro imodzi. Mafuta ophikira amagula oyeza, othiridwa m'kapepala kapena m'kabotolo kobwera nako kunyumba. Shuga ndi womanga m'timapepala, mchere ndi wa pa mulu. "Ndiyezereni wa ndalama iyi, amayi," basi malonda atha. Paketi imene fakitale inasindikizapo zonse inang'ambidwa kale m'mawa, ili pansi pa benchi. Chimene chimanenepetsa anthu m'makomboni athu si cha m'mashelefu a ku Gateway Mall. Ndi mandasi, zitumbuwa, zigege, tchipisi cha pa chiwaya chokazingidwa m'mafuta amene atenthedwa mpaka kuda, chowazidwa mchere ndi dzanja la wogula mwini. Ndi tiyi wa masupuni anayi. Ndi nsima yaikulu ya ufa woyera ndiwo zili pang'ono. Ku Britain mchere wambiri umene anthu amadya umabwera utathiridwa kale ku fakitale, n'chifukwa chake chizindikiro chili ndi ntchito kumeneko. Kuno wambiri timathira tokha mumphika. Ndani adzaike chidindo pa mphika? Pa msika wa Mgona pamadutsa matumba osawerengeka a mtedza, ndipo choopsa chenicheni cha mtedzawo ndi poizoni wa chuku amene amaononga chiwindi. Ameneyo saoneka ndi maso, ndipo mtedza wa pa mulu ulibe pomata chenjezo.

Amatinso chimene chimasankha chakudya pa okala ndi thumba. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Chichitikireni zimenezo, munthu amalowa mu gulosale akuwerengera kuti ndalama imene ali nayo ikhutitsa pakamwa pangati. Ukamuuza kuti ichi n'choipa koma osampatsa china cha mtengo womwewo, wangomuonjezera nkhawa. Adzagulabe, koma tsopano akudziona wolakwa.

Mfundo yawo yolemera koposa ndi ya njala. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. M'nyumba imodzi ku Chinsapo mukhoza kukhala mayi wonenepa wa BP ndi mwana wosakula bwino, onse akudya mumphika umodzi. Boma lakhala likulimbana ndi vuto la mwanayo kwa zaka zambiri, ndipo zida zake zina ndi zomwezo zimene chidindo chakuda chimadana nazo. Kuyambira mu 2012 shuga wa Illovo amathiridwa vitamini A, mafuta ophikira nawonso, ndipo mchere umathiridwa ayodini. Anthu anauzidwa pa wailesi kuti pogula aziyang'ana chizindikiro chosonyeza kuti chakudyacho chaonjezeredwa michere. Ku sikelo alangizi a zaumoyo amauza amayi kuti m'phala la mwana azithiramo nsinjiro ndi kamafuta pang'ono. Chiponde cha kuchipatala, chimene chapulumutsa ana onyentchera osawerengeka, n'chodzaza ndi shuga ndi mafuta mwadala. Tsono boma lomwelo libwere mawa ndi chidindo chonena kuti shuga ndi mafuta n'zoopsa? Mayi amvere uti? Otsutsa amaopa kuti uthenga watsopano udzafafaniza wakale, ndipo wovutika adzakhala mwana.

Pali china chimene munthu wokhala mu ofesi ku Capital Hill angachiphonye. Mawu akuti muli shuga wambiri sangamveke ngati chenjezo kwa aliyense. Kwa munthu amene wakhala akuona shuga ngati chinthu cha pa Khrisimasi, amene mu 2024 anaima pa mzere kusaka paketi imodzi, mawuwo akhoza kumveka ngati lonjezo lakuti ndalama yake sinapite pachabe. Kwathu kuno kunenepa ndi ulemu. Mkazi akanenepa timati akusamalidwa bwino ku banja, ndipo amene anakhalapo m'zaka zimene Edzi inkapululutsa anthu mankhwala asanabwere amakumbukira zimene anthu ankanong'onezana munthu akayamba kuwonda. Kalembera wa 2018 anapezanso kuti odziwa kuwerenga ndi pafupifupi 69 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo. Otsalawo chidindo cha mawu okha sichiwauza kanthu.

Ndiye pali nkhani ya kukhwimitsa lamulo. Mapepala apulasitiki opyapyala analetsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma kwa zaka zotsatira tomato ndi bonya zinapitirira kumangidwa m'mapepala omwewo m'misika yonse ya mu Lilongwe. Katundu wolowa mozemba m'malire a Mchinji ndi Dedza sadzabwera ndi chidindo cha Malawi. Womvera lamulo adzakhala wopanga wa konkuno, kuphatikizapo gulu la amayi opanga chiponde cha m'mabotolo kapena juwisi wa malambe, amene adzafunika kulipira ku labotale ndi kusindikiza mapepala atsopano, pomwe mnzawo wozembetsa akugulitsa motchipa pa benchi yoyandikana nayo. Ngakhale umboni wa ku Chile amaukayikira, ndipo pamenepa akunena zoona: lamulo la kumeneko silinali la chidindo chokha. Linaletsanso kutsatsa zakudyazo kwa ana ndi kuzigulitsa m'sukulu, mpaka zidole za pa mabokosi a zakudya za ana zinachotsedwa. N'kovuta kulekanitsa kuti chidindo pachokha chinachita zingati. Ku Britain, kafukufuku wina wa mu 2009 anapeza kuti mitundu ya maloboti itaikidwa pa zakudya zina m'sitolo, kagulidwe ka anthu sikanasinthe moonekera. Ndipo ku Chile komweko makampani ena anangochotsa shuga n'kuikamo zotsekemeretsa za mankhwala, ndipo Mexico inaonjezera chenjezo lina lakuti zoterozo si zoyenera ana.

Ndazisinkhasinkha mfundo zimenezi, ndipo zambiri ndikuzivomera. Chidindo sichidzakhudza chiwaya. Sichidzatsitsa mtengo wa nyemba kapena wa dzira. Aliyense wochilengeza ngati mankhwala a matenda a shuga m'Malawi akunamiza anthu. Komabe ndikaunika bwino, zimene otsutsa atsimikiza ndi zakuti chidindo chopangidwa mosasamala, chokopera kwa ena, chingalephere kapena kuononga. Sanatsimikize kuti anthu asauzidwe.

Mawu akuti wosauka alibe chosankha ndimawakana. Imani pa geti ya sukulu ya pulayimale iliyonse ku Kawale nthawi yopuma. Pa mphasa imodzi pali majigisi, Kamba, maswiti ndi mafilizesi; pa ina pali nthochi, chinangwa chophika, mbatata, mtedza wokazinga, malambe. Mitengo yake siisiyana kwambiri. Mwana akusankha pamenepo tsiku lililonse, ndipo kholo limene lamupatsa ndalama ya pa buleki likusankhanso pamene limufunsa kuti wagula chiyani kapena kungokhala chete. Mlendo akafika pakhomo, pali kusankha pakati pa botolo la pa okala ndi thobwa la m'nyumba. Zosankha za wosauka ndi zazing'ono, koma ndi zambiri, ndipo m'pamene zakudya za m'mapaketi zikulowera: osati mumphika wa nsima, koma m'manja mwa ana ndi m'zakumwa. Kunena kuti munthu wa ku Mgona asauzidwe chifukwa ndi wosauka n'kumuchepetsa. Wa ku Area 47 ali ndi foni ya intaneti ndi dokotala wa pulaiveti womuuza. Wosowa chenjezo la pa paketi ndi yemwe alibe kwina komvera.

Za kusemphana ndi uthenga wa vitamini A, yankho lilipo, ndipo ku Chile komweko lamulo limayang'ana zakudya zimene wopanga wathiramo shuga, mchere kapena mafuta. Paketi ya shuga, botolo la mafuta ophikira, mchere, ufa, Likuni Phala ndi chiponde cha kuchipatala zisiyidwe mmene zilili. Aliyense amadziwa kuti m'paketi ya shuga muli shuga. Chenjezo liyambire pamene shuga ndi mchere zabisala: zakumwa zotsekemera, juwisi wosungunula ndi wa ufa, maheu a m'mabotolo, yogati wotsekemera, mabisiketi, tokhwasula ta ana, timiyala tokometsera ndiwo ndi supu wa ufa. Mndandanda umenewu ndi waufupi moti MBS ingaulondole, ndipo ambiri mwa katunduyo amapangidwa kapena kuitanitsidwa ndi makampani owerengeka odziwika bwino. Opanga ang'onoang'ono apatsidwe zaka zingapo ndi thandizo loyeza katundu wawo. Wozembetsa adzakhalapobe, koma kukhalapo kwa wozembetsa sikunatichititse kusiya kufuna tsiku lothera ntchito pa paketi.

Chenjezoli likhale lokakamiza. Ku Australia ndi New Zealand anayamba mu 2014 chizindikiro cha nyenyezi chimene kampani imaika ikafuna, ndipo patapita zaka khumi katundu wochiika sanafike ngakhale theka. Makampani amakonda kuchiika pa zimene zapeza nyenyezi zambiri. Likhalenso chenjezo lolunjika, osati malikisi. Zilembo za A mpaka E zimafuna munthu woyerekeza mapaketi asanu pa shelefu, pomwe pa okala wogula amaima kunja kwa waya n'kuloza chimodzi.

Maonekedwe ake ndiwo asachokere ku Chile kapena ku South Africa. Nkhawa yakuti anthu angamve chenjezo ngati chitamando ndi yeniyeni, ndipo njira yoithetsera ndi kukafunsa anthuwo lamulo lisanalembedwe. Ofufuza athu a ku LUANAR, a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi a MEIRU amene amawadziwa kale makomo a ku Area 25 atenge zithunzi zingapo, apite nazo pa msika wa Nsungwi, ku Chinsapo, ku Area 23, aonetse agogo osawerenga ndi ana a sitandade 4, afunse kuti mukuona chiyani apa. Ine ndikanakonda kuti pakati pa zoyesedwazo pakhale chithunzi cha timasupuni ta shuga towerengeka, chifukwa supuni ndi muyezo umene khitchini iliyonse m'dziko muno imaudziwa, ndipo mawu ake akhale a Chichewa ndi Chitumbuka. Koma chigamulo chikhale cha amene aonetsedwa, osati changa kapena cha komiti. Chikapanda kumveka kwa mayi wa ku Mgona, chibwerere chikakonzedwe.

Chifukwa china chimene sindifunira kudikira n'chakuti nthawi ikutithera. Mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi mu 2018, ndipo ukukulirakulira. Aliyense amene anakulira m'makomboni amenewa akuona kuti zinthu zokutidwa m'mapepala onyezimira zikuchuluka pa okala chaka ndi chaka. Ku Chile lamulo linavomerezedwa mu 2012 koma linayamba kugwira ntchito mu 2016, makampani akulimbana nalo njira yonse, ngakhale linali ndi mtsogoleri wouma khosi, dokotala ndi phungu Guido Girardi. Makampani akamakula, mawu awo ku nyumba ya malamulo amakulanso. Ndipo South Africa, kumene timagulako zakudya zambiri za m'mashopu athu, ikadzakhwimitsa malamulo ake ife tilibe athu, palibe chidzaletse wopanga kutumiza kuno katundu amene kwawo akanachita naye manyazi. Bungwe la ogula la CAMA ndi bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC, omwe amamenyera kale nkhani za mitengo ndi katundu wotha ntchito, ayenera kuitenga nkhaniyi ngati yawo, pakuti ufulu wodziwa chimene ukugula ndi ufulu wa wogula.

Pomaliza pali gawo limene otsutsa apambana, ndipo silingasiyidwe chifukwa chakuti chidindo chabwera. Mchere wa mumphika, mafuta a pa chiwaya ndi masupuni a mu tiyi zidzafikiridwa ndi pakamwa pa munthu basi. Alangizi a zaumoyo amene amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya ku sikelo ya ku Kawale kapena ku Bwaila apatsidwe phunziro lachiwiri loonjezera pa loyambalo: kuti kamafuta ka m'phala la mwana wa miyezi isanu ndi itatu n'kofunika, koma botolo lotsekemera la mkulu wake wa zaka zisanu n'losafunika, ndipo mayi amene wabweretsa mwana kudzakwera sikelo ayezedwe BP tsiku lomwelo. Makomiti a sukulu akhale pansi ndi amayi ogulitsa pa geti, poti ambiri mwa iwo ndi makolo a ana omwewo, agwirizane zoyenera kuyala pa mphasa. Khonsolo ya mzinda, imene imatolera ndalama ya msika tsiku lililonse, ifunseko za mafuta a pa chiwaya pamene ikudula tikiti.